Musanafufute Windows pa kompyuta yanu

Ndili ndi shopu yotayipa, kupulinta ndi kupanga fotokope pa boma lina m'chigawo chapakati, ndipo kuseri kwa kauntala ndimakonzanso makompyuta a anthu. Kuyambira chaka cha 2025, funso limene landipeza kwambiri pa kauntala imeneyi ndi ili: "Achimwene, kompyuta yanga ikukana Windows 11. Ndiitaye, kapena mundiikire Linux mumanenayo?" Ofunsa ndi aphunzitsi, alembi a mipingo, ana a ku koleji, ngakhalenso anzanga a mashopu ngati yangayi. Linux ndi pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, imene imatha kulowa m'malo mwa Windows. Ofunsawo ndimawakhazika kaye pa benchi, chifukwa yankho lake si la mawu amodzi. M'shopu mwanga muli makompyuta anayi. Atatu ndinawasamutsira ku Linux, imodzi ndinaisiya dala pa Windows, ndipo konsekonse ndikugona tulo. Njira imene ndinadutsa ndi imene ndikufuna ndikulongosolereni, kuti nanunso mudziyezere nokha.

Chavuta n'chiyani kwenikweni?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Tsiku lomwelo inasiyanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019, zimene zili m'makompyuta ambiri amene amafika pa benchi yanga. Ena anamva ngati tsikulo makompyuta azima. Ayi, amayakabe, ndipo Word imatsegukabe. Chimene chinasiya kubwera ndi zigamba za chitetezo, zija zinkabwera mwezi ndi mwezi kudzatseka mipata imene mbava za pa intaneti zatulukira. Zili ngati nyumba imene mmisiri wasiya kubwera kudzamata ming'alu: chaka choyamba mugonamo bwinobwino, koma dzinja lililonse mng'alu ukunka nukula. Microsoft inalengeza mpata wa chaka chimodzi chowonjezera kudzera m'dongosolo lotchedwa ESU, loti munthu wamba azilandirabe zigambazo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Umenewo ndi mpata wopumira ndi kuganiza, si nyumba yatsopano.

Choyamba, tsimikizani kuti kompyuta yanu ikukanadi Windows 11. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB pa disiki, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yosakalamba kwambiri: ya Intel kuyambira m'badwo wa 8, ya AMD kuyambira Ryzen 2000. Lowani mu Settings, kenako System, kenako About, muwerenge dzina la purosesa. Ikakhala i5-6500 kapena i5-4300U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo m'badwo wake, kutanthauza 6 ndi 4, ndipo zimenezo sizilandiridwa. Ikakhala i5-8250U, mwalowa.

Purosesa ikakhala yabwino koma kompyuta ikukanabe, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe tpm.msc. Kawirikawiri TPM imakhala ilipo, kungoti ndi yozimitsa mu BIOS, menyu ya kompyuta imene mumalowamo Windows isanayake, komwe pa Intel imalembedwa PTT, pa AMD fTPM. Ndayatsapo kachipangizo kameneka pa malaputopu angapo amene eni ake anali atayamba kale kufunsa mitengo ya ena. Ikalola, ndipo Windows 10 yanu ndi yeniyeni, kukwera ku Windows 11 n'kwaulere ndipo nkhani yanu yathera pamenepa.

Pali njira zokakamizira Windows 11 pa kompyuta yosavomerezeka, ndipo anyamata ambiri okonza makompyuta amazidziwa. Ine pa kompyuta ya ofesi sindichita, chifukwa Microsoft inanena poyera kuti siyikulonjeza kuti kompyuta yotero izilandira zigamba mpaka kalekale. Sindifuna mlembi wa mpingo adzandipeze pakatha miyezi isanu ndi umodzi kuti ndamubwezera pamene tinayambira.

Mafunso ndi awiri, musawamange mtolo umodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Windows ndi nyumba. Word, Excel ndi PowerPoint ndi zipangizo zogwirira ntchito m'nyumbamo. Munthu akati "ndikusamukira ku Linux" amakhala akusintha zonse ziwiri tsiku limodzi, chifukwa Microsoft Office ilibe mtundu woika pa Linux. Ndiye zikamuvuta sadziwa chamuvuta n'chiti, amangoti Linux ndi yoipa, n'kubwerera atataya sabata yathunthu.

Chonsecho LibreOffice, imene mukaipeze pa Linux, imalowanso pa Windows. Ndi yaulere, imasamalidwa ndi bungwe la The Document Foundation limene linayamba mu 2010 anthu atapatukana ndi OpenOffice, pulogalamu ina yofanana nayo. Muli Writer m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel, Impress m'malo mwa PowerPoint. Mutha kuiika lero pambali pa Office yanu popanda kufufuta kanthu. Langizo langa lalikulu m'nkhani yonseyi ndi limeneli: sinthani zipangizo muli m'nyumba yakale, mukazizolowera ndiye muganize zosamuka.

Si nzeru ya m'mutu mwanga yokha. Apolisi a Gendarmerie ku France anayamba ndi kuika OpenOffice ndi Firefox pa makompyuta awo a Windows, ndipo mpaka mu 2008 ndi pamene anayamba kusamukira ku Ubuntu, mtundu wina wa Linux, anthu atazolowera kale mapulogalamuwo. Boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza mu 2024 kuti lisamutsa makompyuta pafupifupi 30,000, ndipo nalonso linayambira pa LibreOffice, Linux n'kubwera pambuyo. Mzinda wa Munich, ku Germany komweko, unasankha Linux mu 2003, pofika 2013 unali utasamutsa makompyuta pafupifupi 15,000, koma mu 2017 khonsolo yake inavota zobwerera ku Windows. Anthu amakangana mpaka lero ngati chinagwetsa Munich chinali makina kapena ndale, koma ine ndimatolapo chimodzi: ngakhale mzinda wolemera, wokhala ndi akatswiri ake, unavutika ndi mafayilo ndi mapulogalamu amene anthu ena onse owazungulira ankagwiritsa ntchito. Nanga ife a kompyuta imodzi?

Kope pambali pa kiyibodi

Musanaike kalikonse, gulani kope. Kwa sabata imodzi, lembani pulogalamu iliyonse imene mwatsegula, chipangizo chilichonse chimene mwalumikiza ku kompyuta, ndi mtundu wa fayilo iliyonse imene mwalandira kapena kutumiza, komanso kwa ndani. Musadalire kukumbukira. Ine ndikanafunsidwa ndikanati timagwiritsa ntchito Word ndi Excel basi. Koma mwana wa mlongo wanga, amene amandithandiza m'shopu, atalemba kwa masiku asanu ndi awiri, m'kopemo munatuluka Publisher yopangira makadi a ukwati, CorelDRAW yopangira zikwangwani ndi ziphaso, pulogalamu ya sikana, ndi kapulogalamu kena kodulira zithunzi za pasipoti. Pomaliza anawonjezera yekha kuti, "Amalume, musaiwale kuti kumapeto kwa teremu aphunzitsi amabwera ndi ma Excel awo a malikisi aja." Zoonadi, zimenezo sizikanaoneka m'sabata imeneyo. Choncho mukamaliza kulemba za sabata, khalani pansi muganizirenso ntchito zimene zimabwera kamodzi pa teremu kapena pa chaka: malipoti, ma bajeti, ma fomu a ku likulu.

Mukatero gawani zimene mwalembazo. Zina zimachitikira mu burawuza: Gmail, Facebook, YouTube, WhatsApp Web, Google Docs, banki ya pa intaneti. Zimenezi sizisamala kuti muli pa Windows kapena pa Linux, chifukwa Firefox ndi Chrome zilipo konse. Zina zili ndi zolowa m'malo mwake. Zina zilibe, ndipo zimenezo ndi zimene zigamule mlandu wanu.

Mwezi umodzi ndi LibreOffice

Ikani LibreOffice pa Windows yanu yomweyo. Musaiyese ndi kalata ya ndime ziwiri, chifukwa imeneyo ituluka bwino paliponse. Sankhani mafayilo khumi ovuta kwambiri amene muli nawo: lipoti la matebulo ambiri, CV ya mizati iwiri, kapepala ka mwambo wa maliro ka zithunzi ndi timabokosi ta mawu, Excel ya mafomula ambiri, fomu imene munatumiziridwa ndi ofesi ina kuti mudzaze. Koperani fayiloyo n'kutsegula yokoperayo, osati yeniyeniyo. Yang'anani tsamba lililonse, sinthanipo pang'ono, sungani, kenako mutsegulenso mu Word kapena Excel muone ngati yabwerera ili bwino. Ulendo wopita ndi wobwererawu ndi umene umaulula zambiri, chifukwa mnzanu amene mukumutumizira fayiloyo akaitsegula mu Word.

Zimene ndinapeza ine ndi izi. Makalata, ma CV ambiri, malipoti ndi ma minitsi a misonkhano zimayenda popanda vuto. Mafomula a tsiku ndi tsiku monga SUM, AVERAGE, IF, RANK ndi VLOOKUP, amene aphunzitsi amawerengera malikisi ndi kuika ana pa nambala, amagwira chimodzimodzi mu Calc. Pamene pamafunika diso ndi pa zolemba zodzaza timabokosi, zithunzi zopiringizana ndi mawu, ndi zokongoletsa za SmartArt. Zimenezi zimatha kusuntha pang'ono. Excel yokhala ndi ma macro (timalamulo tochita ntchito tokha mukadina batani), ija imathera ndi .xlsm, ina imagwira ina ayi, ndipo ngati ntchito yanu yagona pa fayilo yotero muiyese batani lililonse. Nkhokwe za Access, pulogalamu ya Microsoft yosungira makaundula, musayembekezere kuti zingotseguka n'kumagwira ngati kale. Mafayilo a Publisher amatseguka mu LibreOffice Draw, koma nthawi zambiri mumayenera kuwakonzanso. Ndipo dziwani kuti Microsoft yomwe inalengeza kuti Publisher ikutha mu Okutobala 2026, choncho a makadi a ukwati tonse tiyenera kupeza pogwira pena ngakhale titakhalabe pa Windows.

Ana a ku koleji ndimawauza mwapadera. Ngati mukulemba disetesheni imene aphunzitsi anu amaibweza ndi ndemanga ndi zofufuta zofiira, LibreOffice imazionetsa ndithu, koma musasinthe pulogalamu pakati pa ntchitoyo. Malizani pamene munayambira. Kusintha kudikire tchuthi.

Pali zinthu ziwiri zoti mukonze tsiku loyamba. LibreOffice imasunga mafayilo mu mtundu wakewake, .odt ndi .ods. Ngati anthu amene mumagwira nawo ntchito ali pa Word, lowani mu Tools, Options, Load/Save, General, musankhe kuti zolemba zizisungidwa ngati .docx ndipo za Calc ngati .xlsx. Chachiwiri, zolowerani kutumiza PDF pa chilichonse chimene wolandirayo sakufunika kusintha: kalata yofunsira ntchito, invoisi, kalata ya kwa mfumu. Batani lake lili pamwamba pomwepo. PDF imaoneka chimodzimodzi pa foni, pa Windows ndi pa Linux, ndipo madandaulo ambiri oti "zasokonekera" amathera pamenepo.

Kwa ife olemba Chichewa pali kanthu kena kabwino. Chilembo cha ŵ, chija cha mu Malaŵi, mumachipeza polemba 0175 kenako kudina Alt ndi X. Zimenezi zimagwira mu Word komanso mu Writer. Ŵ wamkulu ndi 0174.

Mwezi ukatha, dzifunseni kuti munathawira ku Word kangati, ndipo chifukwa chiyani. Ngati n'chifukwa choti simunapeze batani, limenelo si vuto, manja azolowera. Ngati n'chifukwa choti fayilo ya ku likulu imasweka nthawi zonse, limenelo ndi vuto lenileni, ndipo mwina Linux si yanu pakadali pano.

Kulawa Linux pa fulashi

Ubwino wa Linux ndi woti mutha kuilawa osakhudza disiki yanu. Mitundu yake ndi yambirimbiri, ndipo mukafunsa anthu asanu mumva mayina asanu. Ine kwa munthu wochokera ku Windows ndimapereka Linux Mint, chifukwa menyu yake ili pansi kumanzere pamene diso linazolowera, ndipo imabwera ndi LibreOffice ndi Firefox kale. Linux Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo izisamalidwa mpaka 2029. Imayenda ndi RAM ya 2GB, koma imamasuka bwino pa 4GB. Kompyuta ikakhala yofooka kwambiri, sankhani mtundu wake wa Xfce, umene ndi wopepuka kuposa mtundu wake waukulu wotchedwa Cinnamon.

Fayilo yake ndi pafupifupi 3GB, ndiye dikirani bandulo ya usiku kapena mupemphe kwa mnzanu amene ali nayo kale. Kukopera Linux kwa mnzanu n'kololedwa, si kuba. Tengani fulashi ya 8GB yopanda kanthu, chifukwa zonse za m'menemo zifufutika, muilembemo fayiloyo pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher. Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, ndipo poyatsa muzidina batani lotsegulira menyu yosankha poyambira: pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9. Sankhani fulashiyo. Pakapita mphindi zochepa muona Linux Mint pa sikirini, Windows yanu ili phee pa disiki osakhudzidwa. Pali kachizindikiro kolembedwa Install Linux Mint, musakadine lero.

Tsopano tengani kope lija muyese chimodzichimodzi. Wi-Fi ikugwira? Mawu akumveka? Mukalumikiza foni ndi chingwe kuti mutenge intaneti, ikulola? Kamera ya Zoom ikuyaka? Pulojekita ya ku tchalitchi kapena ya m'kalasi ikuonetsa? Kenako pulinta ndi sikana, zimene ndi pamene pagona nkhani kwa anthu ngati ine. Mapulinta ambiri amangodziwika okha mukangolumikiza chingwe, ndipo a HP ali ndi madiraiva awo a Linux (timapulogalamu toyendetsera pulinta) otchedwa HPLIP. Koma alipo ena, makamaka timapulinta takale totchipa, amene ubongo wawo wonse uli mu diraiva ya Windows. Ndili nayo imodzi yotero, yolimba ngati mwala, tona yake yosavuta kupeza. Ndinalimbana nayo madzulo awiri, ikapulinta tsamba limodzi n'kukhala chete. Ndinaibwezera ku kompyuta ya Windows ndipo ili komweko mpaka lero. Musangoona kuti dzina la pulinta laoneka pa sikirini n'kukhutira. Pulintani masamba khumi, zimitsani pulinta, yatsaninso, mupulintenso.

Dziwani kuti pa fulashi zinthu zimayenda mochedwa kusiyana ndi mmene zidzayendere pa disiki, ndiye liwiro musaliweruzire pamenepo.

Pali chinthu china chimene simungachione muli pa Windows, ndipo chinandipeza tsiku loipa. M'mawa wina kunabwera amayi ena ndi fulashi, maso ali ofiira, akufuna timapepala 150 ta mwambo wa maliro a mchimwene wawo, galimoto ikudikira panja. Mwana wawo anali atakonza kale zonse mu Word. Nditatsegula pa kompyuta ya Linux, mawu a nyimbo ya patsamba lachiwiri anali atasefukira patsamba lachitatu, ndipo chithunzi cha malemuwo chinali chitatsika. Ndinati, "Mayi, takhalani pansi pang'ono, ndikonza pompano." Vuto silinali la fayilo. Inalembedwa ndi zilembo za Calibri, zimene zimabwera ndi Windows koma pa Linux palibe, ndiye kompyuta inasankha zilembo zina zonenepa pang'ono, mizere n'kutalika. Tsiku limenelo ndinangosamukira pa kompyuta ya Windows kuti amayiwo asachedwe. Madzulo ake ndinaika Carlito ndi Caladea, zilembo zaulere zimene zinapangidwa kuti zizitenga malo ofanana ndendende ndi Calibri ndi Cambria. Mu Software Manager, moikira mapulogalamu pa Linux Mint, muzipeza ndi mayina akuti fonts-crosextra-carlito ndi fonts-crosextra-caladea. Ikaninso ttf-mscorefonts-installer, imene imabweretsa Times New Roman ndi Arial zenizeni. Chichitireni zimenezo, vuto lotere limabwera mwa apo ndi apo, makamaka pa mafayilo olembedwa ndi Aptos, zilembo zatsopano za Microsoft 365.

Amene ndimawauza kuti asasamuke

Ngati ndalama zanu zimachokera pa pulogalamu imene ilibe mtundu wa Linux, khalani pamene muli. Ndikunena owerengera ndalama amene mabuku awo ali mu QuickBooks kapena Sage ya pa kompyuta, ojambula zikwangwani ndi CorelDRAW kapena Photoshop, anyamata a masitudiyo a nyimbo amene amagwiritsa ntchito FL Studio, ndi okonza mafoni amene mapulogalamu awo ambiri ndi a Windows. Zolowa m'malo zilipo, monga Inkscape, GIMP ndi Scribus, ndipo ndi zabwino, koma ndi luso lina loyamba kuphunzira, ndipo kasitomala akabwera ndi fayilo yake ya CorelDRAW sadikira kuti muphunzire. Ena adzakuuzani za Wine, imene imayendetsa mapulogalamu ena a Windows pa Linux. Nthawi zina imathandiza, koma sindingaikepo malipiro a antchito a munthu.

Chimodzimodzi ngati kompyutayo ndi ya kuntchito, kapena ofesi yanu ili ndi pulogalamu yake imene likulu linakuikirani. Funsani kaye eni ake. Safunsa anadya phula.

Anthu otere njira yawo ndi kusonkha ndalama za kompyuta yolola Windows 11, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito bola purosesa ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena kuichotsa kompyuta yakaleyo pa intaneti n'kuisiyira ntchito imodzi yokhayo.

Mtengo wake weniweni

Tinene zoona, ambiri mwa ife Windows ndi Office sitinagule. Zinabwera ndi kompyuta, kapena wina anatiikira ndi timapulogalamu tothyolera loko. Ndiye mawu oti "Linux ndi yaulere" satigwira mtima kwenikweni. Koma timapulogalamu timeneto timafuna kuti muzimitse chitetezo cha kompyuta kuti tilowe, ndipo simudziwa chimene talowa nacho. Pa kompyuta imene mumatsegulirapo banki kapena kusungirapo mayina ndi malipiro a anthu, zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri. Kwa ine phindu loyamba la Linux ndi LibreOffice ndi loti zonse zili poyera, palibe chothyola.

Phindu lachiwiri ndi mavairasi a pa fulashi. Aliyense wa shopu ngati yanga amaidziwa vairasi ija imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Tsiku lina mtsikana wa ku koleji anafika akunjenjemera, ntchito yake ya miyezi inayi itasowa pa fulashi, tsiku lopereka lili mawa. Tinailowetsa pa kompyuta ya Linux, mafoda ake onse anaoneka pompo, pambali pake pali timafayilo ta vairasiyo titangokhala, chifukwa tinalembedwera Windows ndipo pa Linux sitingadzuke. Tinakopera ntchito yakeyo, tinafufuta zoipazo, iye n'kukhala pa benchi kupuma. Kuyambira pamenepo fulashi iliyonse ya kasitomala imayamba yalowa pa kompyuta ya Linux. Sindikunena kuti Linux siyingagwidwe ndi kanthu, ndipo munthu wokunamizani kuti mumupatse pasiwedi angakupusitseni pa kompyuta iliyonse. Koma mliri wa pa fulashiwu m'shopu mwanga unatha.

Za bandulo: Linux Mint imakuuzani kuti pali zatsopano n'kudikira kuti mulole nokha, ndiye mutha kusankha nthawi ya bandulo yotchipa. Pa Windows mungachepetse vutoli poika intaneti yanu ngati metered connection. Koma musatenge ufulu umenewu ngati chilolezo chosiyiratu kulandira zigamba, chifukwa mukatero mwabwerera ku nyumba ya ming'alu ija.

Mtengo umene anthu sauwerengera ndi nthawi ndi wothandiza. Windows ikavuta, pafupifupi pa tauni iliyonse pali mnyamata woidziwa. Linux ikavuta, mupita kwa ndani? Musanasamuke, pezani munthu mmodzi, kaya mnzanu kaya gulu la pa WhatsApp, amene anadutsamo kale. Ngati palibiretu ndipo inuyo simukonda kufufuza nokha pa intaneti, chimenecho chokha n'chifukwa chokwanira chodikira. Ndipo ngati kompyutayo mumagwiritsa ntchito anthu angapo, akhazikeni pansi muwaonetse pa fulashi paja musanasinthe. Mlembi amene wafika Lolemba m'mawa n'kupeza zonse zasintha osauzidwa sangaikonde, ngakhale itakhala yabwino chotani. Mwana wa mlongo wanga zinamutengera pafupifupi masabata awiri kuti asiye kundiitana, ndipo chimene chinamuvuta kwambiri chinali kupeza posinthira malire a tsamba, amene mu Writer ali pansi pa Format, Page Style.

Tsiku losamuka

Mwayesa zonse ndipo mtima wakhazikika. Koperani mafayilo anu onse malo awiri osiyana, monga pa disiki ya kunja ndi pa fulashi, kenako mutsegule angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akutseguka. Musaiwale za pa Desktop ndi mu Downloads, komwe anthu ambiri amasungira zinthu zofunika kwambiri. Mapasiwedi amene burawuza imakukumbukirirani, onetsetsani kuti mukuwadziwa kapena mwawasunga. Ngati disiki yanu ndi yokhoma ndi BitLocker, loko wa Windows, pezani kiyi yake ya manambala 48 muilembe papepala.

Linux Mint imalola kuiika pambali pa Windows kuti muzisankha poyatsa. Zimagwira, koma ine njira imene ndimaikonda ndi ina. Gulani SSD, disiki yamakono yothamanga, ngakhale ya 128GB kapena 256GB. Chotsani disiki yakale ija ya Windows, ikulungeni bwino, muiike m'kabati. Ikani SSD yatsopanoyo, muikemo Linux yokha. Mukatero simunafufute kanthu. Zikakukanikani pakatha mwezi, ndi nkhani ya sikuludiraiva ndi mphindi khumi, mwabwerera pamene munali. Komanso kompyuta yakale imene inali ndi disiki yozungulira ija imasanduka ina ikalandira SSD. Yanga ya m'badwo wa 4, imene ndinkaiyatsa n'kupita kukatsegula mawindo ndi kusesa, pano imakhala itayaka ndisanamalize kukhala pansi.

Magetsi athu mukuwadziwa. Laputopu ikhale yodzaza batire, ndipo kompyuta ya pa tebulo muiike pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, ngati muli nako, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchitoyi muyambiranso. Kuika kwenikweniko sikutenga ola. Ikatha, landirani zigamba zonse mu Update Manager, tsegulani Driver Manager muone ngati pali diraiva yofunika, ikani zilembo zija, konzani LibreOffice kuti izisunga .docx ndi .xlsx, ndipo yatsani Timeshift, imene imajambula mmene kompyuta ilili kuti zikadzasokonekera mudzabwerere pa tsiku limene zinali bwino. Timeshift imasunga za kompyutayo, osati mafayilo anu, ndiye kukopera zanu pa disiki ya kunja kupitirire monga kale. Musachite zonsezi sabata ya mayeso, ya malipoti, kapena ya msonkhano waukulu wa mpingo. Ine ndinayamba ndi kompyuta imodzi, Loweruka masana titatseka, ndipo yachiwiri inadikira mwezi wathunthu.

Yachinayi ija ikadali pa Windows 10, pakona pafupi ndi makina a fotokope. Ndinaichotsa pa intaneti, ndinamata pepala pamwamba pake loti fulashi ya kasitomala isalowe isanadutse pa kompyuta ya Linux, ndipo ntchito yake ndi CorelDRAW ndi kapulinta kouma mutu kaja basi. Mwana wa mlongo wanga wayamba kuphunzira Inkscape madzulo kukakhala kopanda anthu, ndipo makadi awiri a ukwati a mwezi watha anawapangira momwemo. Ndikusunga pang'onopang'ono ndalama za kompyuta ya m'badwo wa 8 yoti idzalowe pakona pamenepo, ndipo madisiki atatu akale aja akadali m'kabati, lililonse ndi kapepala kolemba kompyuta imene linachokera.